Ufewe Kapena Ulimbe? Mkangano wa Pulasitiki Wowola m'Makina a 3D

Tengani kachidutswa ka ulusi umene makina osindikiza zinthu a 3D amadya, muupinde ndi zala ziwiri. Ngati ndi PLA yekhayekha, wosasakaniza ndi kanthu, upindika pang'ono, uyera pamene mwapindapo, kenako umveka kuti thyo! Ukakhala kuti wagonera pashelefu miyezi yambiri n'kumwa chinyezi, suchedwa n'komwe, umathyoka ngati phesi louma. Mkangano wonse wagona pa kaphokoso kameneka. Ena akakamva amati pulasitikiyu ndi wofunika mankhwala omufewetsa. Anzawo amati mankhwalawo ndi amene adzaipitse chinthu chimene anthu amamukondera PLA, mbiri yake yoti ndi mwana wa m'munda ndipo amatha kuwola.

Tiyambe tamudziwa mwini nkhaniyo. PLA, amene dzina lake lonse ndi polylactic acid, amachokera ku shuga wa chimanga kapena wa nzimbe. Mabakiteriya amasasitsa shugayo mpaka asanduke lactic acid, asidi yemwe uja amawawasitsa chambiko, ndipo kufakitale amalumikiza timagawo ta asidiyu kukhala maunyolo ataliatali osaoneka ndi maso. Wallace Carothers wa ku DuPont anamupanga kale mu 1932, koma anatuluka wofooka, wosathandiza. PLA anadzalowa msika ndi mphamvu mu 2002, itatsegulidwa fakitale ya ku Blair, m'chigawo cha Nebraska ku America, yotha kutulutsa matani 140,000 pachaka. Ina yodalira nzimbe, ya matani 75,000, inatsegulidwa ku Rayong m'dziko la Thailand mu 2018.

Makina a 3D ofala kwambiri amagwira ntchito ngati mayi woumba mbiya, amene amasanjikiza dongo mzere pamwamba pa mzere mpaka mbiya itaima. Amakoka ulusi wonenepa mamilimita 1.75, kuusungunula pa madigiri pafupifupi 200, n'kuutulutsira pa kabowo ka mamilimita 0.4. Luso limeneli analitulukira Scott Crump chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo umwini wake mwalamulo utatha mu 2009, makina otchipa anachuluka, ambiri mwa iwo ochokera ku ntchito ya RepRap imene Adrian Bowyer anayambitsa pa yunivesite ya Bath mu 2005. PLA anapambana anzake m'makina amenewa chifukwa sapotoka akamazizira, sanunkha kwambiri, ndipo safuna moto wambiri. Vuto lake ndi lomwe lija: ukamukoka satanuka ngakhale 10 peresenti ya utali wake asanaduke.

Chofewetsera chimagwira ntchito yofanana ndi ya mafuta pachikopa chouma. Ndi timagawo ting'onoting'ono timene timalowa pakati pa maunyolo aja, n'kuwatalikitsa kuti azitha kutsetsereka m'malo mogwirana zolimba. Nzeruyi ndi yakale. John Wesley Hyatt anapanga celluloid pofewetsa nitrocellulose ndi camphor cha mu 1870, ndipo Waldo Semon wa ku B.F. Goodrich anapeza njira yofewetsera PVC mu 1926. Jombo za mvula, paipi yothirira dimba, chikutiro cha waya wa magetsi, zonsezi zimapindika chifukwa cha zofewetsera. Sungani chithunzi cha paipi ija m'mutu, tibwererakonso.

Amene akufuna kuti PLA afewetsedwe amayambira pa munthu wogwiritsa ntchito chinthucho. Mu 2011 mmisiri wa matabwa wa ku South Africa, Richard Van As, anaduka zala ndi sowo ya magetsi. Anagwirizana ndi Ivan Owen wa ku America n'kupanga zala zoyendera zingwe, ndipo kuchokera mu ntchito yawo munabadwa gulu la e-NABLE, la anthu ongodzipereka amene amasindikizira ana manja oterewa, kawirikawiri ndi PLA. Tsono mwana ndi mwana. Adzagwa posewera, adzamenyetsa dzanjalo pakhoma, adzakoka chitseko. Kachala kapulasitiki kakathyoka, wosindikizayo amatani? Amapanga kena, ndiye kuti zinyalala zawirikiza, kapena amamusiya PLA n'kutenga ABS, PETG kapena TPU wamba, amene ndi ochokera ku mafuta a pansi panthaka ndipo sawola. Kwa iwo nkhani ndi yomveka: PLA wouma gwaa sateteza chilengedwe, amangothamangitsira anthu ku mapulasitiki akale. Pomwe ukathira chofewetsera cha mtundu wa citrate chokwana 20 peresenti, pulasitiki yemwe uja amatha kutanuka mpaka kuposa kawiri utali wake asanaduke.

Akamva mawu oti mankhwala, anthu ambiri amakumbukira ma phthalate, zofewetsera za PVC zimene zinapezeka kuti zimasokoneza timadzi ta m'thupi toyendetsa kukula ndi kubereka. Ulaya anaziletsa m'zidole zina za ana mu 1999, n'kukhwimitsa lamulolo mu 2005, ndipo America anatsatira mu 2008. Ofewetsa PLA amati musatiphatikize ndi amenewo. Zawo ndi zina. Triethyl citrate amachokera ku asidi wa mtundu wa m'mandimu ndipo amaloledwa m'zakudya, nambala yake ndi E1505. Triacetin nayenso ali ndi nambala yake, E1518. Palinso mafuta a soya okonzedwa mwapadera, polyethylene glycol amene amapezeka m'mankhwala akuchipatala, ndi glycerine yemwe uja amayi amasakaniza ndi mafuta odzola nyengo yachisanu khungu likamatuwa. Chinthu chimene munthu amaloledwa kudya kapena kudzola, amafunsa, chingatiopse bwanji chili m'kachogwirira makiyi?

Mfundo yawo imene ine ndimaiona yolemera koposa ndi ya zosakaniza. Masiku ano akatswiri sakulimbana ndi PLA yekha. Akumusakaniza ndi sitachi wa chimanga kapena wa chinangwa kuti mtengo utsike, ndi PBAT amene BASF inayamba kugulitsa mu 1998 pa dzina la Ecoflex, ndi PCL amene amasungunuka pa madigiri 60 okha, ndi PHB amene mabakiteriya amasunga m'matupi mwawo ngati chakudya. Pakati pa zimenezi pali zina zosatheka n'komwe popanda chofewetsera. Sitachi wouma sasungunuka, amapserera asanafike poyenderera. Amasanduka chinthu choumbika pokhapokha atakandidwa pamoto pamodzi ndi madzi ndi glycerine kapena sorbitol. PHB amasungunuka cha pa madigiri 175, ndipo pafupi pomwepo amayambanso kuwonongeka, choncho chofewetsera chimene chingatsitse motowo pang'ono chimapatsa wosindikiza malo opumira. Kukana zofewetsera zonse, iwo amati, n'kutseka chitseko chimene chinangwa ndi chimanga zikanalowera m'makina amenewa. Amawonjezanso kuti maunyolo omasuka amalowerana bwino pamene mzere watsopano wakhudza mzere wapansi, pamalo pomwe zinthu zosindikiza zimakonda kung'ambikira, ndiponso kuti m'mayeso ambiri PLA wofewetsedwa amafumbutuka msanga m'kompositi kuposa wouma.

Otsutsa samakana chilichonse mwa zimenezi. Amangoti walira mvula walira matope, ndipo matope oyamba ndi kutentha. Pulasitiki aliyense wa mtundu umenewu ali ndi pamene amayamba kulobodoka asanasungunuke, malire amene akatswiri amawatcha Tg. Kwa PLA ndi cha pa madigiri 60, omwe ndi ochepa kale. Ine ndinaona kachogwirira foni ka PLA kamene mnzanga anakamata pagalasi lakutsogolo la galimoto yake, n'kuitseka padzuwa masana a mwezi wa Okutobala. Pobwerako tinakapeza katazyolika ngati tsamba la fodya lofota, mano ake ogwira foni atayasama, ndipo katazizira kanaumiratu choncho. Ameneyo anali PLA wosafewetsa. Chofewetsera chimagwira ntchito yake potsitsa malire omwewo, palibe njira ina. 20 peresenti ija imene imapatsa pulasitiki kutanuka kokoma imagwetsa Tg kufika pakati pa madigiri 20 ndi 35, kutengera mtundu wa mankhwalawo. M'labotale yozizira ya ku Ulaya chinthucho chioneka chodabwitsa. Ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene mthunzi weniweniwo umadutsa madigiri 40, mbedza ya pulasitiki wotero singasunge ngakhale thumba la anyezi mpaka madzulo.

Matope achiwiri ndi nthawi, ndipo apa ndi pamene tibwerere ku paipi ija. Aliyense amene anathirirapo dimba amadziwa mmene paipi yatsopano imapindikira mosavuta, ndi mmene pakatha zaka zingapo imaumira n'kuyamba kung'aluka paliponse pamene yapindika. Pulasitikiyo sanasinthe mtundu, chofewetsera chachoka. Sichimangidwa ku maunyolo aja, chimangokhala pakati pawo ngati mlendo, ndipo pang'onopang'ono chimayenda kupita pamwamba, kuuluka ndi mphepo, kutsukika ndi madzi kapena kulowa m'mafuta a chakudya chimene chakhudzana nacho. Mu PLA muli chinanso chopweteka. Maunyolo akamasuka amapeza mpata wodzisanja bwinobwino mothithikana, ndipo akatero amafinyira chofewetsera chija kunja. Ndiye kuti mankhwala omwewo amakonza njira yodzithamangitsira okha. Polyethylene glycol akachuluka amadziwika ndi khalidwe limeneli: pakapita miyezi amapatukana ndi PLA, chinthucho n'kuumanso. Za sitachi ndiye sitifunika labotale kuti timvetse. Nsima yotentha imafewa, imatapika bwino. M'mawa mkute wake wauma, ukuthetheka m'mbali, pena ukutuluka timadzi. Zimenezo ndi maunyolo a sitachi akubwerera kukagwirana, ndipo zimachitikanso mu ulusi wa sitachi ndi glycerine, kungoti mochedwerapo. Tsono ulusi umapangidwa kufakitale, kuyenda panyanja, kugona m'sitolo, kugonanso m'nyumba ya wogula. Chiwerengero chokongola chimene anayeza patatha sabata imodzi chimakhala chikunena za chinthu china, osati chimene chili m'manja mwa wosindikiza patatha chaka.

Amisiri a makinawa ali ndi madandaulo awoawo, ndipo ndi achidule. Ulusi umayenera kukankhidwa kulowa m'moto, ndipo kukankha chinthu chofewa kuli ngati kukankha chingwe: chimapindika, n'kukolana pa mano a makina. Glycerine amakoka chinyezi, ndiye ulusi wonyowa umathetheka pakabowo paja, kusiya timabowo ndi tiulusi tangati ta kangaude, pamene nthunziyo ikudula maunyolo a PLA m'katimo.

Koma chimene chimawakwiyitsa kwambiri otsutsa ndi chinsinsi. Pitani pa intaneti mukaone ulusi wolembedwa PLA+, PLA Pro kapena Tough PLA. Palibe muyezo umene umanena tanthauzo la mayina amenewa, ndipo opanga ambiri sanena zimene athiramo, amati n'chinsinsi cha malonda. Mwina ndi citrate wabwinobwino uja. Mwinanso ndi zolimbitsa za acrylic kapena za mtundu wa polyurethane, zimene siziwola. Wogula amangoona chithunzi cha tsamba lobiriwira pakatoni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2020 Lisa Zimmermann ndi anzake a pa yunivesite ya Goethe ku Frankfurt anayesa zinthu 43 za tsiku ndi tsiku zopangidwa ndi mapulasitiki ochokera ku zomera kapena otchedwa owola, n'kupeza kuti ziwiri mwa zitatu zilizonse zinali ndi mankhwala osonyeza ululu m'mayeso a m'labotale, mosasiyana kwenikweni ndi mapulasitiki wamba. Sanayese ulusi wa 3D mwapadera, ndipo mayeso a m'mbale ya labotale si thupi la munthu. Komabe phunziro lake likugwira pano: chimene chimaopsa kapena kusaopsa mu pulasitiki nthawi zambiri si unyolo waukuluwo, koma zothirathira zimene wopanga wasankha. Ndipo kuloledwa kwa mankhwala ena m'chakudya, pamlingo wochepa kwambiri, sikutiuza zimene amachita akawotchedwa pa madigiri 200 kwa maola asanu ndi atatu m'kalasi yotseka mawindo.

Nanga kuwola komweko? Apa mbali zonse ziwiri zimayenda mwakachetechete, chifukwa choonadi chake sichikomera aliyense. PLA amawola bwino m'kompositi ya mafakitale, yotentha pafupifupi madigiri 58 ndi yachinyezi. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 13432 umafuna kuti 90 peresenti ya chinthucho idyedwe ndi tizilombo m'miyezi isanu ndi umodzi, kuti pakatha masabata 12 zotsalira pa sefa ya mamilimita 2 zisapose 10 peresenti, ndiponso kuti chothiramo chilichonse choposa 1 peresenti chitsimikizidwe kuti nacho chimawola. Kunja kwa kompositi yotero nkhani imasintha. Sarah-Jeanne Royer ndi anzake anamiza nsalu za PLA m'nyanja pa doko la Scripps ku California, ndipo patatha masiku 428 zinali zosasintha. Imogen Napper ndi Richard Thompson a ku Plymouth anafukula majumbo olembedwa kuti owola atakhala zaka zitatu m'dothi, n'kupeza akadatha kunyamula katundu wa kusitolo. Amenewo ndi majumbo ndi nsalu, zinthu zopyapyala. Chinthu chosindikiza chimakhala chochindikala mamilimita angapo. Kuno kwathu ku Malawi, kumene boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019, mawu oti chowola ayamba kumveka okoma m'makutu. Koma chidole cha PLA chikatayidwa kumalo otayira zinyalala a ku Mzedi kapena a ku Area 38, kapena m'dzala la kuseri kwa nyumba, chidzakhala momwemo zaka, kaya anachifewetsa kaya ayi. Chimene chidzatuluke msanga n'kulowa m'dothi ndi chofewetsera chija.

Ofewetsa ali ndi yankho, ndipo si lopanda nzeru. Amati mavuto onsewa ndi a mankhwala a timagawo ting'onoting'ono othiridwa mopyola muyezo. Thirani pang'ono, 5 kapena 10 peresenti. Gwiritsani ntchito timaunyolo tifupitifupi ta lactic acid yemweyo, timene ndi pachibale ndi PLA ndipo sitithawa msanga. Kapena mangirirani chofewetseracho ku unyolo waukulu pamene zikusungunukira limodzi m'makina a kufakitale, kuti chisowe pothawira. Otsutsa amayankha kuti chofewetsera chikakula kapena chikamangidwa, mphamvu yake yofewetsa imachepa, ndipo kumangako kumafuna mankhwala enanso oti tidzafunse za iwo. Amakumbutsanso kuti makina a 3D ali ndi mphatso imene chikombole cha kufakitale chilibe: mmisiri angathe kupanga chinthu chopindika ndi pulasitiki wolimba pongosintha kaumbidwe, kupyapyalitsa khoma apa, kuluka m'kati ngati dengu apo, kugoneka chinthucho kuti mizere itsate kumene mphamvu ikukokera. Nsungwi ndi youma, koma lichero limapindika osathyoka. Ndipo zotsalira za PLA wosasakaniza zingathe kugayidwa n'kukhalanso ulusi, pomwe mulu wa PLA wa maphikidwe khumi osadziwika umatulutsa chinthu chosadalirika.

Ndayenda nawo onse awiri, ndipo ndikuona kuti chimene akukanganirana kwenikweni ndi moyo wa chinthu chosindikizidwacho, utali wake. Tikupempha pulasitiki mmodzi kuti akhale wolimba m'manja mwathu zaka zambiri, komanso kuti asowe msanga tikamutaya. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chofewetsera chimakankhira pulasitikiyo ku mbali ya kusowa msanga, ndipo pa zinthu zimene moyo wake ndi waufupi ndikuima ndi ofewetsa mopanda kukayika: timiphika ta mbande tolowa m'malo mwa machubu akuda amene amatsala mbwee nyengo yodzala mitengo ikatha, tomangira tomato ku mitengo yake, chitsanzo cha fupa chimene dokotala akufuna kuchiona asanachite opaleshoni. Kumeneko sitachi, glycerine ndi citrate zili pamalo pake, bola chinthucho chiyesedwe m'dothi lenileni limene chidzagweremo. Koma dzanja la mwana, chogwirira cha chida, kagiya kolowa m'malo mwa kamene kathyoka m'makina osokera, zimenezi ndi zofunika kukhalitsa padzuwa ndi m'thukuta. Kuzipanga ndi pulasitiki amene amalobodoka pa madigiri 35, chifukwa choti dzina lake ndi lobiriwira, n'kumulakwira mwanayo, ndipo chilengedwe sichipindulapo kanthu.

Pa nkhani ya chinsinsi ndiye ndilibe mbali ziwiri. Paketi ya bisiketi imalemba zonse zimene zili m'katimo. Chikulungo cha ulusi chimene chizisungunulidwa m'chipinda mmene muli ana asukulu chingalephere bwanji? Palembedwe dzina la chofewetsera ndi kuchuluka kwake, Tg ya ulusiwo uli watsopano ndiponso utakhala chaka, ndi malo amene ungawolere pamodzi ndi kuchindikala kumene anayesa. Wopanga amene wathira citrate wabwino sataya kanthu ponena, ndipo mpikisano wake ndi amene wathira zosawola ungayambe kuoneka poyera.

Mnzanga uja anapanganso kachogwirira foni kake. Anafunsa wogulitsa kuti mu ulusi wolembedwa PLA+ muli chiyani, ndipo wogulitsayo anangotembenuza katoni uku ndi uku osapeza yankho. Ndiye pa zinthu za m'nyumba anagula PLA wosasakaniza, n'kumachindikalitsa makoma ndi kugoneka zosindikizazo mbali yoyenera. Ka m'galimoto kaja anakapanga ndi PETG, amene amapirira mpaka cha pa madigiri 80, akudziwa bwino kuti sadzawola, ndipo kakalipo pagalasi paja.